Galasi langa ndi mboni yake

Lolemba, 4 Malichi
Msuzi watheka! Ndi mmene timatchulira madzi otsanzira a m'thupi la munthu. Mchere uwu, kenako uwo, pang'onopang'ono. Ukapupuluma amachita mbuu, kutaya basi. Lero ali mbee. Ndavina ndekha pasinki ya mulabu.

Tizidutswa ta galasi langa ndaviika m'mabotolo apulasitiki, m'kabati yofunda ngati thupi. Likamera kachikhungu koyera konga fupa, ndiye kuti lingalumikize fupa lothyoka. Likakana, Adokotala, aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga, akuti ndiyambirenso, chaka chinanso pasukulu. Ine ayi.

Lachinayi, 7 Malichi
Palibe. Galasi lili phee, kunyezimira mwachipongwe. Wandevu, mnzanga wa pabenchi, akuti, "Ukamatsegulatsegula kabatiyo, wodwala wakoyo agwidwa chimfine." Sakunama. Manja m'thumba.

Amayi pafoni: "Anzako akulera ana, iwe ukulera magalasi?" Ndaseka mpaka misozi.

Lachitatu, 13 Malichi
Layera! Pamwamba ponse ngati lawazidwa ufa. Ndakuwa mpaka a chipinda china kusuzumira.

Adokotala osasekerera n'komwe. "Nanga mboni ikuti chiyani?" Mboni ndi kagalasi wamba ka pazenera, konyikidwa mumsuzi womwewo. Nayo ikayera, ndiye kuti msuzi ukungotula mchere paliponse, galasi langa silinachite kanthu. Ndati ndiiona mawa. Mantha.

Lachinayi, 14 Malichi
Wandevu anandipha lero. Ndikungolowa, iye ali kukabati: "Mboni yako ndi yoyera!"

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, chikwama chili kumsana. Chaka chinanso. Amayi ndikawauza chiyani?

Anabwera ndi botolo. "Ukuliranji? Ndati yoyera, yopanda kalikonse, ngati yotsuka kumene!"

Kuyera kwinako! Ndinamuthamangitsa kuzungulira benchi, nsapato ili m'manja, misozi ndi chiseko pamodzi. Tapangana: mulabu muno mawu oti kuyera taletsa.

Lolemba, 25 Malichi
Pamakina okulitsa tinthu. Timibulu tothithikana ngati mazira a nsomba, galasi lonse lakutidwa. Kukongola kwake! Adokotala anayang'anitsitsa. Kenako anadzuka, n'kundisiyira mpando wawo. "Khalani muone bwino, ndi zanu izi. Yambani kulemba, chaka chino mukutuluka."

Ndakondwa. Ndakondwa zedi. Amayi sakuyankha foni, ndiyesenso pompano