Mchere Wakuda wa Thandiwe

Lolemba, 9 Juni

Chiperoni. Phiri la Michesi silikuoneka, mtambo watsika mpaka m'minda. Nkhuni zonyowa.

Thandiwe sanadyenso. Phala lothira nsinjiro, ndasinja ndekha. Kulawa pang'ono, basi, kutembenukira kukhoma. Mwana wa malemu mng'ono wanga ameneyu, ndinamutenga akukwawa, ndipo chikhalire sanakanepo chakudya. Ankanyambita ndi mthiko womwe. Lero ndi mayi wa khanda, wabwera kuno kwathu kudzakhala chikuta, koma masaya alowa, kwatsala maso okha.

Khanda kulira. Kuyamwa pang'ono, kutaya bere, kuliranso. Mkaka sukutsika. Anamwino a ku Boma pomutulutsa anati adye chilichonse chimene mtima wake wafuna, bola adye. Kusikelo akamuyeza mwanayu pa 24. Ndikuopa tsiku limenelo.

Ndamufunsa kuti nanga mtima wakowo ukufuna chiyani. Yankho lake: “Amayi, simungathe. Ndi za ku Japan.”

Chaka chijatu, akuntchito kwake kwa alangizi anamutumiza kumeneko kukaphunzira za mpunga wothirira. Anabwerako ndi chijekete chokhuthala ndi timitengo tiwiri todyera. Sindinadziwe kuti anatengakonso nkhuli ya kumeneko.

Simungathe. Ine? Ine amene ndaphika nyemba zoledzeretsa zija za kalongonda zaka zonsezi osazunguza mutu wa munthu?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndamuumiriza. Wafotokoza ali chigonere. Dzina lake akuti rameni.

Nkhuku, kuiwiritsa m'madzi ambiri. Osakazinga. Tomato ayi. Ndafunsanso, tomato ayi ndithu? Akuti ngakhale mmodzi. Jinja, adyo, masamba a anyezi, tinsomba touma. Kenako zingwezingwe za ufa watirigu, zonga sipageti wa m'magolosale. Dzira lowiritsa pamwamba. Ndipo chachikulu, madzi ena akuda opangidwa ndi soya.

Soya yemweyu wa m'munda mwanga? Akuti yemweyo, koma amamusunga m'migolo nthawi yaitali mpaka kusasa ndi kuda. Anthu a dziko limenelo anaganiza bwanji zoti soya awoletse kaye? Ndani anayamba kulawa?

Chondizunguza china. Msuziwo ndiye chakudya chake. Si ndiwo ayi. Munthu wamkulu kukhuta msuzi.

Madzulo abwera a Eneya, amuna ake, amene amaphunzitsa ku Migowi. Aima patali ndi njinga yawo monga mkamwini, chipewa m'manja. Ati madzi akudawo amapezeka m'sitolo ina ku Limbe, atuma mnzawo wa minibasi. Nawonso aonda, si Thandiwe yekha.

Lachinayi, 12 Juni

Botolo lafika. Laling'ono, lolembedwa zilembo zonga mapazi a nkhuku pamatope. Ndatsegula, kununkhiza. Fungo la thobwa logona, koma osati kwenikweni. Kadontho pachala, kulawa.

Mchere! Mchere weniweni, koma wakuda, wokhala ndi kakomedwe kena kumbuyo kwake. Ndalawanso. Ndalawanso kachitatu, kuti nditsimikize basi.

Afika asewere anga a Rozaria, mayi awo a Eneya, ndi ufa ndi mtolo wa nkhuni zouma. Nawonso alawa. Akwinya nkhope, kenako atambasulanso chala.

Thandiwe atamva kuti botolo lafika anadzuka kukhala tsonga, koyamba sabata ino. Anati nkhuku ndiphike ine, koma madzi akudawo athira yekha, chifukwa muyeso wake sadziwa kuunena, likudziwa ndi dzanja lake.

A Rozaria mpaka kuomba m'manja. “Mayi wachikuta kuthira mchere mumphika? A Fainess, mukufuna atidule tonse pakhomo pano?”

Zoona, ndi mmene tinakulira. Mwana asanatengedwe kumphasa, mayi wake sathira mchere m'chakudya cha anthu. Odyawo amatupa miyendo, kutsokomola, mdulo umenewo. Thandiwe anati kuchipatala kulibe matenda otero. Anayankhula kawiri, mphamvu zinatha, anagonanso.

Ine pakati. Ndinaonapo amalume anga atatupa, anthu nkumati mdulo. Kaya unalidi mdulo, kaya china. Koma pali khanda pano, sindiyesera. Ndanena kuti ndithira ine, nkhalamba yozizira kale. Kuthira mchere nkovuta chiyani?

Loweruka, 14 Juni

Ndalephera.

Tambala wanga wofiira uja wapita. Ndinamudula bwinobwino, mphika pamoto. Ndiye manja awa ali ndi nzeru zawozawo. Ndisanaganize, anyezi ali kale m'mafuta. Tomato ndinaponyamo mmodzi yekha, waulemu, chifukwa nkhuku yoyera mbuu ngati ya pamaliro a wosauka ndinaichitira manyazi. Moto waukulu kuti zipse msanga. Msuzi unatuluka wa matope.

Madzi akuda ndinathira, kuyang'ana, mtundu sunandikwanire. Kuthiranso. Kuthiranso. Botolo kufika pakati.

Sipageti anali wamtali, osalowa mumphika. Ndinamuthyolathyola ngati nkhuni zoyatsira.

Thandiwe anayang'ana m'mbale nthawi yaitali. Kulawa kamodzi. Misozi. “Zikomo amayi, mwayesetsa.” Bola akanandikalipira.

Tadya ndi a Rozaria. Madzi tamwa ndowa yonse. Iwo akuti mwina a ku Japan ali ndi lilime la chikopa. Sindinaseke.

Khanda lasiya kulira mokweza. Likungolira motsitsa, ngati kamwana ka mbuzi kali kutali. Kulira kumeneku ndiye sindikukufuna.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi. Amayi anzanga aliyense ndi mankhwala ake. Wina chinangwa chachiwisi, wina thobwa lamawere, wina akuti ndipite naye kwa abusa. Chinangwa ndabwera nacho. Watafuna kachidutswa kundisangalatsa.

Pa ulaliki sindinamve kanthu. Mutu uli ku Japan. Msuzi umenewu anamuphikira ndani mwana wanga?

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinakhala pamphasa pambali pa Thandiwe ndi lichero la mtedza, kusenda. Za kudya sindinatchule. Ndinangofunsa za wophika uja.

Akuti nkhalamba ngati ine, yopindika msana, yovala kansalu koyera kumutu. Kalesitilanti kake kakang'ono pafupi ndi siteshoni ya sitima, anthu amakhala mondondozana ngati pabenchi la kuchipatala. Nyengo yozizira kwambiri, madzi mpaka kuuma gwaa, Thandiwe anadwala chifuwa, kusowa ndi womuuza. Analowa mmenemo kuthawa mphepo. Chinenero osamvana. Nkhalambayo inangomuyang'ana, kumuikira mbale patsogolo, kuima pomwepo mpaka anamaliza. Kuyambira pamenepo ankapitako pafupipafupi.

Kansanje kanandigwira, ndisaname. Mwana wanga kudwala, womudyetsa mayi wina. Koma chidwi chinaposa. Ndinafunsa zonse. Ankaima mbali iti? Moto wake waukulu bwanji? M'dzanja ankagwira chiyani?

Poyankha maso anayamba kuwala. Mphika akuti subwata ayi, umangophethira. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ngati kalongonda. Thovu la pamwamba kumaliwola ndi chipande, kutaya, mpaka msuzi uoneke pansi pa mphika. Tinsomba kuchotsa mitu ndi matumbo, kuti tisawawe. Kenako mbale kuzindandalika. M'mbale iliyonse, pansi pake, madzi akuda ndi kachipande kakang'ono. Msuzi wotentha pamwamba.

Ndinasiya kusenda. Ndinati bwereza. Madzi akudawo amathira kuti?

“M'mbale, amayi. Mumphika mwake simukhala mchere ngakhale pang'ono. Ine ndinkathira mumphika kunyumba kwanga chifukwa ndinkadya ndekha.”

Iye sanaone chimene wanena. Anapitiriza za dzira. Ine maganizo ali kale kwa a Rozaria.

Lachitatu, 18 Juni

Ndalawirira kwa a Rozaria, kuseri kwa phiri. Mawondo akudandaula. Ndawapeza akupeta mapira.

Ndawafunsa mwapang'onopang'ono. Mayi wachikuta akathira mchere mumphika, amadula ndani? Ati odya mumphikamo. Nanga akathira m'mbale yakeyake, yodya yekha, mphika osaukhudza?

Anasiya kupeta. Anatulutsa kabotolo ka fodya, kununkhiza, kuyetsemula, kuyang'ana kuphiri. Ati agogo awo sananenepo za mbale. Ine ndinati anganso sananenepo. Tinafufuza m'mitu mwathu anamkungwi onse amene tinawadziwa, amoyo ndi akufa. Palibe ananenapo za mbale.

Pomaliza: “Mbale yake, pakamwa pake. Munthu sadzidula yekha. Koma sipuni yake isabwerere mumphika, ndipo botololo akaligwira likhale lake.”

Ndavomera. Pobwerera ndadzera ku Migowi. Matemba ouma a ku Chilwa, jinja, sipageti wina. Wogulitsa akuti agogo mwayamba zachizungu. Ndamuuza kuti si zachizungu, ndi za kutsogolo kwake.

Ndisanapereke botolo kwa mwini wake ndapatulako pang'ono m'kapu, ndabisa pa alumali. Nanenso ndikufuna kudziwa.

Lachisanu, 20 Juni

Thadzi lakale lija losiya kuikira. Lolimba, koma la mafuta achikasu. Ndapha ilo.

Tomato ndinakamusiya kwa aneba kuti manja asamupeze.

Madzi ozizira, nkhuku yonse ndi mapazi omwe, ndi khosi. Zikuni ziwiri zokha, moto wogona. Ukafuna kudzuka, kusolola chikuni. Thovu kuwola, kuwola, lotuwa ngati la sopo wochapira. Kale lonse ndinkangolivundulira momwemo, osadziwa. Jinja woswa ndi mwala, adyo, masamba a anyezi a kudimba. Matemba kuwadula mitu kunandiwawa, mutu ndiye pokoma. Mphaka wachita phwando.

Dzuwa lili pamutu ndinasuzumira. Msuzi woyera, wonyezimira, mafupa kuoneka pansi. Kulawa, mchere mulibe, koma nkhuku yonse ili mmenemo. Ha! Ndiye tomato amabisa zambiri.

Za sipageti Thandiwe anaitana ali m'nyumba, kuti m'madzi ake muthiridwe soda, ndiye amasanduka ngati wa kumeneko. Soda ndinalibe. Ndinamufunsa ngati chidulo chingachite, chija cha phulusa la zitsononkho chimene ndimaphikira therere. Anati sakudziwa, tiyese. Tayesa. Madzi anafufuma thovu, pang'ono kuzimitsa moto. Zingwe zinatuluka zachikasu, zoterera, zokoka ngati mphira. Sindinathyole ngakhale chimodzi. Ukaziimika m'madzi otentha zimagwada zokha.

A Rozaria anabwera kudzaonerera, akuti kudzalondera mphika.

Thandiwe anatuluka pakhonde, khanda kumsana kwa ine. Mbale yake pamiyendo. Botolo m'dzanja lake. Anathira pang'ono zedi, kuyang'ana, kuwonjeza kadontho. Ine kutsanulira msuzi ndili chapatali, chipande osakhudza mbale. Unasanduka mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Zingwe, minofu ya nkhuku, dzira logawa pakati, anyezi wobiriwira. Anatulutsa timitengo take tija.

Kenako phokoso. Fyuuu! Kukoka zingwe ndi mlomo, msuzi kudumphira pachibwano. Khalidwe limene ndinamuletsa ali mwana, pamaso pa apongozi ake! A Rozaria anandiyang'ana, ine kuyang'ana nkhuku za pabwalo. Iye akuti kumeneko ukadya mwakachetechete wophika amaganiza kuti sizinakome. Anatukula mbale ndi manja awiri, kumwa mpaka pansi. Thukuta pamphumi.

Ndinafunsa ngati zafanana ndi za nkhalamba ija.

“Sizinafanane kwenikweni, amayi. Mumphikamo mwatsala?”

Anadya kawiri.

Yanga ndinadyera kuseri kwa khitchini, ndi za m'kapu zija. Ndinayesa kukoka ndi mlomo, chingwe chinandimenya pamphuno. Koma zimatenthetsa m'chifuwa mpaka kuzala za kumapazi. Mayi iwe wa kansalu koyera, kaya dzina lako ndani, ndakumva.

Lamulungu, 22 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Mafupa omwe aja ndawiritsanso ndi matemba ena. Thandiwe wamwa. Masana wapempha yekha mbatata yootcha.

Bulauzi yake yanyowa pachifuwa. Anandiitana kuti ndione, akuseka ndi kulira pamodzi. Khanda likumeza, kumveka kwiti kwiti. Lagona mpaka ndinapita kukaliika chala pamphuno.

Lachiwiri, 24 Juni

Kusikelo. Tinakwera makabaza awiri, Thandiwe ndi mwana kutsogolo, ine pambuyo ndikugwira malaya a mwini njinga. Mwana anamupachika m'kathumba kaja, analira mokweza, kulira kwenikweni kwa munthu. Anamwino anayang'ana muvi, kulemba, kunena kuti wayamba kukwera, tipitirize zimene tikuchitazo. Anafunsa kuti mayiyu akudya chiyani. Ndinayamba kufotokoza, mzere kumbuyo unadandaula.

A Eneya akuti dzina la mwanayu likhala Rejoice.

Panjira ndinamufunsa Thandiwe chimene chakhala chikundizungulira m'mutu. Kodi ku Japan nakonso kuli mdulo? Nanga bwanji mchere wawo amathira m'mbale, aliyense yake, mphika kuusiya wozizira? Anaseka mpaka wakabaza kutembenuka. Akuti ayi, amangofuna kuti mbale iliyonse ikome mofanana. Kaya. Iye chinenero chawo sankachimva bwino. Ine ndikuganiza kuti kalekale kumeneko kunali mayi wina wachikuta amene sankadya, ndi nkhalamba ziwiri zimene zinakhala pansi kuganiza.

Botolo latsala pang'ono pansi. Mawa ndiuze a Eneya za mnzawo wa minibasi, abweretse awiri, lina la Thandiwe, lina la ife ozizira.

Ndi awo a Rozaria akutsika kanjira ka kuphiri. Nkhuku kukhwapa. Pamutu mbale yawo, yaikulu ija ya maluwa, ndipo sindinawaitane ine. Ndikabise kapu yanga ija ya madzi akuda