Mukhale Pawindo la Kumanzere

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, kupatula amayi omwe mwendo uja ukuwavutabe.

Kalata yanu inafika, yonena kuti ndege yanu idzadzera ku Lilongwe koma simudzatsika. Madzulo amayi anati, "Ndiye aoneko nyumba yokha. Umuuze alawirire, akaike mpango pampando wa pawindo monga timachitira m'basi, ena angamulande."

Ine ndinakayang'ana mapu kusukulu. Mchinji idzakhala kumanzere kwanu, choncho mupemphe mpando wa mbali imeneyo, osati pafupi ndi phiko. Mukadzaona phiri, muyang'ane malata atsopano aja munatitumizira. Amayi akuti adzayanika ufa bwalo lonse kuti pakhomo pawale.

Achemwali, ndege ndimaziona ndikamachokera kusukulu. Zimadutsa zazing'ono ngati udzudzu, ndipo ndikukayika ngati mudzationa. Amayi sindinawauze zimenezi, poti mphale anaviika kale.

Chonde, kaya mudzaona kaya mitambo idzatchinga, mudzawalembere kuti ufa wawo munauona. Mulungu akuyendetseni bwino.

Ndine mlongo wanu,
Yohane