Ndowa ya NyaMoyo

Manyamula, Mzimba
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Aubrey,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako pamodzi ndi alamu. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukukumbuka chitsime cha kuseri kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa, chija madzi ake ali ndi naitireti wambiri chifukwa cha feteleza wa m'madimba? Kachipangizo kochotsera naitiretiyo ndi magetsi, kaja munandijambulira, ndinakapanga: sola, tizitsulo tiwiri ndi ndowa. Munandichenjeza kuti ku labu kwanu makina amaunika pachitsulocho magetsi akuyenda, mphindi ndi mphindi, chifukwa naitireti asanatheretu amayamba wasanduka poizoni wina woopsa kuposa iye. Ine, liuma langa mukulidziwali, ndinati zimenezo n'za anthu a makina odula. Ndinayeza poyamba ndi pomaliza basi.

Lachiwiri masana kunachita mitambo, sola inafooka, ntchito inalekera panjira. Sindinalabadire. Kapepala kanga koyezera kamaona naitireti yekha, ndipo kanaonetsa kuti watsika, ine kudumpha ngati mwana. Ndowayo ndinapatsa mnansi wanga NyaMoyo kuti aphikire phala Chawanangwa, mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri. Anaisiya pakhonde n'kupita kukatola nkhuni. Thole lawo, mwana wa ng'ombe, linamwa madzi onse, ndipo dzuwa lisanalowe linali litafa.

Ndinapita kukaulula. NyaMoyo anandimvetsera mwana ali kumsana, kenaka, ponditchula mphunzitsi m'Chitumbuka chawo, anati, “Asambizgi, mbwenu lekani kulira. Yewo chomene mwanena zoona. Thole tidzapeza lina.” Za mwanayo sanatchule, inenso ndinaopa kumuyang'ana.

Achimwene, chonde ndiuzeni njira yoyezera poizoniyo ntchito ili mkati, yotheka kumudzi kuno. Kaya ndi mphindi khumi zilizonse, ndikhala pambali pa ndowa osasuntha. Pakali pano kachipangizoko ndakatsekera m'kabati, ndipo madzi akumwa tikutunga kumjigo wakutali. Ndowa ya NyaMoyo ndikusenza ndine, ngakhale amakana. Mayi musawauze, ndidzawauza ndekha ndikapita ku Dedza.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. NyaMoyo akuti moni, ati musandikalipire kwambiri. Chawanangwa naye akuti moni. Dzulo wamera dzino loyamba, wandiluma nalo chala, ndipo sindinachotse.

Ndine mlongo wanu,
Loyce