Mpando Wogona wa Achimwene

Lolemba

Mzime, 09:12
achimwene dokotala wasintha tsiku. opaleshoni ndi lachisanu, mwana wakhala mopingasa. ndikufuna amayi abwere kuno plz, ndikuopa

Achimwene, 09:14
nanga alamu ali kuti

Mzime, 09:14
alipo koma amakomoka akangoona jakisoni

Achimwene, 09:15
kkkk ndinkakuuza ukwatiwe ndi wa butchala uja. dikira ndione ma miles anga, mapointi aja odulira tikiti ya ndege. zaka zonsezi ndikukwera ndege kukaoda nsapato, sizingapite pachabe

Achimwene, 10:02
nkhani ili chonchi. ku kampani ya ndege yobiriwira ija ma miles ndili nawo mbwee koma mpando waulere akuti mpaka miyezi iwiri. mwana adzakhala atamera ndevu

Achimwene, 10:03
ku yofiira ulipo lachitatu. umodzi basi, wa kutsogolo, uja umasanduka bedi

Mzime, 10:04
si ma miles aja mumasunga? oti mudzagone ngati bwana mukadzakwanitsa zaka 50?

Achimwene, 10:04
omwewo. atheratu psiti

Mzime, 10:05
ayi ndiye zisiyeni, tiona zina

Mzime, 10:41
achimwene?

Achimwene, 11:55
ndadula kale tikiti. ine ndinazolowera kugona mawondo ali kukhosi

Amayi, 12:20
[mawu]
Iwe, mamailosi akowo akwanira koma? Asakathere m'mwamba ngati mayunitsi, n'kunditsitsa m'dziko la eni ndi zikwama zanga.

Achimwene, 12:22
amayi ndege si minibasi. koma musakawononge, chilichonse mungakhudze mita imayenda. akamatha amazimitsa injini imodzi kkkk

Mzime, 12:22
achimwene musawanamize inu

Amayi, 12:30
[mawu]
Ndamva.

Lachinayi

Mzime, 13:48
afika! koma mapazi atupa ngati buledi, njala ndiye osanena. simunati kuli bedi?

Amayi, 14:05
[mawu]
Ndafika bwino mwanawe, mlongo wako ndamugwira dzanja pano, wasiya kulira. Za mamailosi usadandaule, ndakusungira. Mtsikana wa mundege anabwera kuti andiyalire, ndinakana. Chakudya anabweretsa, ndinati ndakhuta. Anabweranso ndi kansalu kotentha, nakonso ndinabweza. Kanema sindinayatse, ngakhale kuchimbudzi ndinapirira. Ndakhala tsonga njira yonse, injini zonse zinali kulira mpaka kutera. Otsalawo ukawaitanitse, udzagonere iweyo. Msana wako uja ndimaudziwa.

Achimwene, 14:09
amayi inu

Achimwene, 14:09
[uthenga wafufutidwa]

Mzime, 14:11
amayi apita kosamba. muwauza nokha kapena ndiwauze ine?

Achimwene, 14:11
usayerekeze. ndipo ufufute zimenezi asanatuluke

Mzime, 14:12
[uthenga wafufutidwa]

Achimwene, 14:12
[uthenga wafufutidwa]

Achimwene, 14:40
amayi ndaimba ku kampani ija. akuti atsala ambiri zedi, sanaonepo munthu wosamala ngati inu. zikomo

Achimwene, 14:41
koma pobwerera mudzadye. kubwerera salipiritsa