Pakhomo Panu ku Mitundu Pafukanso Utsi

Amayi, kodi kumeneko zikukuyenderani bwanji? Ife kuno ku Nathenje tili bwino, kungoti bondo langa lija layambanso makani. Chimanga chacha ndithu, koma mtedza tagawana ndi chiswe.

Mwezi watha ndinkaphunzitsa ana kusukulu za mafumu a Akasiti, amene analamulira Babulo, yemwe uja wa m'Baibulo lanu, kwa zaka mazanamazana. Mfumu yawo yomaliza, imene dzina lake limandipinda lilime ngakhale ine mphunzitsi, inagonja kwa Aelamu. Anaitenga ukapolo, ufumu wa banja lawo n'kuthera pomwepo. Ana ali kalikiliki kulemba, ine choko chili m'manja, mtima uli ku Mitundu. Ndinamumvera chisoni munthuyo ngati mbale wanga.

Paja munabereka ine ndekha, mwamuna, pomwe mbumba imakula ndi ana aakazi. Ndili pachikamwini, ana anga ndi a kwa amayi awo. Chikuikireni m'manda nyumba yanu ndi yotseka, mbuzi za eni zikugona pakhonde. Munkandiseka kuti, "Iwe ndiwe tambala, udzakalira kwa eni." Ndinkaseka nawo, koma mawuwa akhala akundiwawa.

Tsono imvani. Mdzukulu wanu Tadala, uja munkamunena kuti amaopa khasu ngati njoka, wachira, mwana wamkazi. Iye ndi mwamuna wake apempha kukakhala pakhomo panu ndi kulima munda wa kudambo uja. Abale anu ku Mitundu anavomera msanga. Amene ndinkawaopa ndi amalume ake a Tadala, poti eni mbumba ndi iwo. Titakhala pansi Loweruka, iwo anangoti, "Alamu, nyumba yopanda moto imagwa. Apite, kwa agogo ake si kutchire." Ndinangowomba m'manja, misozi ili mbwe.

Zikomo, chifukwa izi munazikonza ndinu. Tchuthi chilichonse munkamuitanitsa mwanayu, kumukalipira uku mukumuwotchera mbatata. Ine ndinkati mukumusasatitsa, osadziwa kuti mukumuphunzitsa njira ya kwawo.

Khandalo alitcha dzina lanu. Dzulo ndinalinyamula n'kuitana mokweza kuti "Esinati!", koyamba m'moyo wanga wonse, ndipo ndinayamba ndacheuka kuopa kuti munditsina khutu.

Mvula isanagwe ndikafolera denga lanu ndi manja angawa, bondo lifune lisafune. Gonani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane