Amake Mapasa a pa Tsamba 84

Tembwe, Chama
16 Okutobala 2023

Okondedwa akulu anga a Robson,

Kapena ndizinena kuti a Dokotala, poti masiku ano dzina la Robson likuoneka kuti likukuchepetsani. Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la mwezi uno silikutipatsa mpata. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha, komanso ndaona kuti pepala ndicho chinthu chokhacho chomwe inu mumachipatsa ulemu.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mwezi wamawa mukudzakhazikitsa buku lanu ku boma, ndipo ine ndikonze mipando ndi amayi ovina. Munawonjezera kuti zingakome Peggy wa m'bukumo atadzayankhula pamaso pa alendo anu. Ndinawerenga kawiri, kuganiza kuti mwina mukuchita nthabwala.

Poti mwaiwala, ndikukumbutseni. Peggy wanuyo ndi Virginia, mkazi wa a Wilbroad. Mutabwera zaka zitatu zapitazo ndi kachikwama kanu kufufuza za amayi a m'chigwa muno, iye anakana kuyankhula nanu. Ndine ndinamunyengerera. Ndinamuuza kuti ndinu m'bale wanga wa bere limodzi, ndipo anthu a ku yunivesite ali ndi lamulo losintha maina. Ndiye anakuuzani zomwe ankadziwa ndi ine ndi namwino basi: kuti atatsala pang'ono kufa pobereka mapasa, anayamba kubayitsa jakisoni wolera mwamuna wake osadziwa, ndipo khadi lake amasunga kunyumba kwanga.

Lamulo lanulo munalitsatadi, a Dokotala. Virginia munamusandutsa Peggy. Koma dzina la Virginia amalidziwa ndani kuno? Limakhala pa reji, chitupa cha boma chija, ndi pa khadi la kuchipatala. Inu munabadwira pano, munasenda mpunga pano, mukudziwa kuti mkazi akabereka amaitanidwa ndi ana ake ndi ntchito yake. Ndiye mwabisa dzina lomwe palibe amalitchula, n'kulemba poyera kuti Peggy ndi mayi wa mapasa amene amakonza mjigo ku Tembwe. Mayi wokonza mjigo kuno ndi mmodzi, ndipo ngakhale mwana wa giredi wani akhoza kukulozerani khomo lake. Sukulu yonse ija munaphunzira, mpaka kukwera ndege, koma ichi chokha chinakukanikani.

Pano ndiyenera kuulula zanga, ndipo zikundiwawa. Buku lija mutanditumizira ndinanyada. Ndinangowerenga tsamba loyamba pomwe munathokoza "mlongo wanga Ennie", n'kukaliika pa tebulo la aphunzitsi kusukulu kuti anzanga aone kuti kwathu kuli munthu. A Ackim, amene amaphunzitsa Chingerezi, analitenga. A Ackim ndi msuweni wa a Wilbroad. Pasanathe sabata, tsamba 84, la nkhani ya Peggy, linali litamasuliridwa m'Chisenga pansi pa mtengo wa mango, mawu ndi mawu. Akonzi anu a ku Lusaka aja, amene mumati anakhala miyezi isanu ndi umodzi akuwongola mitu ndi manambala, palibe anafunsa ngati anthu a m'bukumo ali ndi abale odziwa kuwerenga. Inenso sindinafunse.

A Wilbroad anamubweza Virginia kwa makolo ake ku Chikwa. Ana onse asanu atsala kwa bambo awo, poti malowolo anaperekedwa, ndipo mwambo wake mukuudziwa, munaulemba bwino kwambiri m'mutu wachitatu. Mapasa aja ali ndi zaka zinayi. Amagona ndi azakhali awo. Mjigo nawo unafa sabata yatha, amayi abwerera kukafukula madzi mumchenga kumtsinje, ndipo akamadutsa pasukulu amandiyang'ana ngati ndine ndinauthyola.

A Wilbroad si munthu woipa monga munawajambulira. Anabwera kwanga Lachinayi, anakhala pakhonde. Kenako anati, "Aphunzitsi, za jakisoni ine ndinali kuziganizira kale, sindine mwana. Manje nkhani ili m'buku, abale anga onse amva. Ndikamutenga chabe, adzati ndine mwamuna wotani? Mukulu wanu abwere, akambe pa bwalo kuti Peggy si mkazi wanga, ni nkhani ya azimayi ambiri anaisonkhanitsa pamodzi. Ine ndidzavomera, ndipo mkazi wanga adzabwera kunyumba."

Mwamva? Munthu amene m'buku mwanu ndi chitsanzo cha umbuli akukupemphani khomo loti atulukirepo. Izi ndi zomwe ndinakuuzani pa foni tsiku lomaliza lija, inu n'kundiyankha kuti choonadi cha kafukufuku sichisinthidwa, ndipo mukatero anzanu adzakayikira buku lonse. Anzanu ake ati? Anthu makumi awiri amene amawerengerana mabuku okhaokha ndi kuomberana m'manja m'mahotela? Munalemba masamba mazana awiri kuti mayi wa kumudzi alibe womuyankhulira. Tsopano wapezeka mmodzi wofuna kuyankhuliridwa, mwazimitsa foni.

Dzulo ndinapita ku Chikwa pa njinga. Ndinamupeza Virginia akupeta mpunga wa amayi ake, manja aja ozolowera sipanala. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangopempha kuti aone buku. Chingerezi sadziwa, choncho ndinamutsegulira pa tsamba lake n'kumusonyeza ndi chala poyambira ndi pothera. Anayeza ndi chikhatho chake, ndipo chikhathocho chinaphimba nkhani yonse.

"Ni apa chabe?" anafunsa.

Ndinati ndi pomwepo.

"Ine ndinayesa ndadzaza buku lonse," anatero, n'kundibwezera.

Mabanja awiri akumana Loweruka pa 28 mwezi uno, kwa a Wilbroad. Akalephera kugwirizana tsikulo, ukwati watha ndipo ana atsala. Basi ya ku Lusaka imafika ku boma, msewu ukadali wouma, ndipo njira ya ku Tembwe simunaiiwale poti munaijambula pa mapu kumapeto kwa buku. Mukabwera mudzagona m'chipinda chomwe munagonamo muja munkafuna nkhani. Mukapanda kubwera, mipando ya mwambo wanu mukafunse kwina, ndipo akamadzasindikizanso bukulo muwauze achotse dzina langa pa tsamba loyamba.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa Monalisa ndi Teddy. Muwagwire pamutu m'malo mwanga, poti inu ana anu mumawaona tsiku lililonse. Amayi akupereka moni, ndipo akufunsa chifukwa chomwe anzawo asiya kukhala nawo pa benchi limodzi kutchalitchi. Sindinawauze. Mapasa sakudziwani, kotero sanatume mawu. Virginia ndinamufunsa ngati ali ndi uthenga wa kwa inu. Anaganiza pang'ono, kenako anati ndikuuzeni kuti Peggy akupereka moni, chifukwa ndilo dzina lomwe anthu akumuitana nalo tsopano akamadutsa pa msewu.

Ndine mlongo wanu,
Ennie