Kampando Kanu ka Mlombwa ndi Mfuti Yanga

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti mphepo sinatisiyebe ngakhale eni dziko akuti chisanu chatha. Apongozi anu, amake Mphatso, anakwezedwa pantchito kubanki kuja. Ine ndidakali ku Govan komwe timapanga sitima zapamadzi. Ku Ntcheu, mlongo wanga Eneless wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akuti chibwano ndi chanu chenicheni, ndipo salola kumuika pansi. Chimanga cha kudambo chachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa. Denga la khitchini likudontha pomwe munkanena paja.

Ndayamba ndi zabwino chifukwa ndikuopa zotsatirazi. Paja munkati, "Mwana akachulutsa moni, ndiye kuti waswa mbale."

Amayi, ndili ndi mfuti.

Sindinaiwale za alongo anu, amalume anga a Yohane, momwe gogodera imene anadzipangira okha inawaphulikira m'manja, inu n'kuwanyamula pangolo, osafika nawo amoyo kuchipatala. Ngakhale mfuti ya phesi la chimanga simunkalola kuti ndiseweretse pakhomo. "Mfuti ilibe mbale," munkatero.

Koma nditabwerako kumaliro anu mutu sunkakhazikika. Mnzanga wa kuntchito, Callum, ananditengera kukalabu yawo kunja kwa tauni, komwe amawombera mapepala ojambulidwa mizere yozungulira. Nyama kulibe, chowombera munthu kulibe. Umagona chafufumimba, n'kupuma pang'onopang'ono, n'kudikira kuti mtima ukhale phee. Tsiku limenelo ndinatha ola lathunthu osaona m'maganizo bokosi lanu likutsikira m'manda. Ndinalembetsa. Patapita miyezi apolisi anabwera kunyumba ku Shawlands, anaona kabati yachitsulo yokhoma, anandifunsa mafunso ambirimbiri, kenako chilolezo chinatuluka. Ndinagula kamfuti ka zipolopolo zing'onozing'ono kwa munthu amene ankasiya masewerowa.

Kukalabuko aliyense amakonza mfuti yake mmene akufunira. Wina wasintha galasi loyang'anira patali, wina watalikitsa thako la mfuti kuti lizifika bwino paphewa. Zachitsulo sindinakhudze, zimenezo ndi za amisiri ovomerezeka. Vuto langa linali lakuti nditaika galasi latsopano, tsaya linkangolendewera, lopanda potsamira. Pankafunika kathabwa kokwezera pathakopo. M'sitolo amagulitsa tapulasitiki tokonzakonza kale. Koma ine ndinkafuna kanga, kamene wina aliyense alibe.

Mukukumbuka kampando kanu ka mlombwa, kamene munkakhalira posoka pakhonde? Munanena nokha muli m'chipatala kuti kapite kwa mdzukulu wanu Mphatso. Ndinakanyamula m'sutikesi nditakakulunga ndi chitenje chanu. Mphatso ankakhalira komweko polemba za kusukulu, mpando wa desiki uli pomwepo. Mu Febuluwale tinkapenta chipinda chake, ndiye kampandoko tinakasunga m'kashedi kuseri kwa nyumba, momwe muli zida zanga.

Loweruka lina masana ndinakatenga. Ndinadzinamiza kuti ndikufuna inu muzikhala pafupi ndi tsaya langa. Ndinati ndingocheka kam'mbali kochepa, palibe adzaone. Ine ndimadziwa zitsulo, Amayi, mtengo sindiudziwa. Nditangofika pakati ndi sowo, thabwa linang'aluka. Pamenepo ndikanasiya, koma sindinasiye. Chidutswa choyamba ndinachipala mpaka chinapyapyala. Chachiwiri ndinaboola pokhota. Chachitatu ndiye chinakhala bwino. Pomwe ndinkatseka kashedi, pa kampando kanu panangotsala miyendo itatu ndi utuchi wofiira.

Kukalabu anthu anaunjikana kudzaona. Mtengo wofiira chotere anali asanauonepo. Callum anausisita n'kufunsa komwe ndinaupeza. Ndinati ndinagula pa intaneti. Dzina lanu linali pakamwa pomwepa, ine n'kulimeza. Ndipo tsiku limenelo ndinawombera bwino kuposa masiku onse, mpaka ndinabwerera kunyumba ndikuimba likhweru.

Mphatso atafunsa za kampando kake ndinati ndapaka vanishi. Sabata yotsatira ndinati sikanaume. Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi anatenga yekha kiyi wa kashedi. Analowa m'khitchini atakumbatira miyendo itatu ija. Mukumudziwa mwanayu, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi chake cha kuno, chija munkati akulankhula ngati wamwa phala lotentha. Koma tsikuli anafunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono ngati akuwerenga: "Adadi, mpando wa agogo uli kuti?"

Ndinamuuza zonse, amake ali pomwepo. Sanalire, sanakalipe. Anangoti pamwamba pake panali pokumbika, pomwe munakhala inu zaka zonsezo, ndipo iye akakhala ankakwanapo ndendende. Ine pamenepo ndinali ndisanapaone. Ndinapasalaza ndi sandipepala osadziwa n'komwe.

Ndinamasula kathabwako pamfuti n'kumupatsa. Anakanunkhiza, anati kakununkha mafuta a mfuti, n'kukasiya patebulo. Miyendo ija anapita nayo kuchipinda chake. Moni amandipatsa, chakudya timadyera limodzi, koma chitseko chake masiku ano amatseka. Ndinkafuna kuitanitsa mlombwa wina kumudzi kuti mmisiri apange kena. Amake anandiletsa, akuti mwanayo sakulira mtengo.

Ndisakunamizeninso ndi inu: mfutiyo sindinagulitse. Ili m'kabati. Loweruka likamayandikira mtima umalakalakabe kukalabu, ndipo ndikadzipeza ndikulakalaka choncho ndimasowa poika nkhope. Dzulo pa nthawi yopuma ndinamuuza Callum mwini wake wa mtengo uja, ndinatchula dzina lanu lonse ndi ntchito imene munkagwira. Anandikankhira tiyi wake. Sindinathe kumwa.

Eneless sakudziwa. Ndimuimbira mawa kuti amve kwa ine asanamve kwa mwana, ndipo chimene anene ndichilandira. Mu Ogasiti tikubwera tonse atatu kudzamanga chiliza chanu. Ndikadzaima pamenepo, izi ndalembazi ndidzazinena ndi pakamwa, Mphatso akumva, achibale akumva. Kufikira tsikulo kabati ija sinditsegula. Limenelo ndi lonjezo langa, ndipo mwanayo ndamupempha kuti akhale mboni. Wavomera ndi mutu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale manja angawa sanaonetse.

Ndine mwana wanu,
Limbani